Kabotolo ka Apongozi

Ntchito zina munthu amazitchula mokweza pagulu, zina amazinong'ona. Ya mayi amene anzake a pachipatala ankamutchula kuti Diso Limodzi inali ya mtundu wachiwiriwo, koma mwini wakeyo sankanong'ona ayi. Munthu akamufunsa kuti, "Kodi inu mumagwira ntchito yanji kuchipatalako?" ankayankha nkhope ili gwa kuti, "Ndimayeza chimbudzi cha anthu." Ngati wofunsayo anali ndi chakudya m'kamwa, zimenezo zinali zake.

Dzinalo analitengera ku makina. Atangoyamba ntchito mu labotale, maikulosikopu imene anaipeza inali ya diso limodzi, yosuzumira utatsinzina linalo. Makinawo anatha kalekale, kunabwera ena a maso awiri, koma chizolowezi chinakana kuchoka. Posankha tomato pamsika, polowetsa ulusi pa singano, ngakhale pomvetsera bodza la mwamuna wake, diso lakumanzere linkatsekeka lokha.

Ali mtsikana sanalotepo za ntchitoyi. Ankafuna unamwino, ndi kachipewa koyera kaja, koma kusukulu ya zachipatala malo anatha ndipo anamuuza kuti kwatsala ku labotale. Analira mokwanira, kenako ananyamula chikwama chake n'kupita. Chimene chinamugwira mtima kusukuluko, mungaseke, linali dzina la matenda. Tsiku lina mphunzitsi analemba pabolodi mawu aatali ngati sitima, ancylostomiasis, kalasi yonse n'kubuula. Mphunzitsiyo anati asaliope, angolidula patatu ngati nzimbe. Ankilosi, m'Chigiriki, ndi chinthu chokhota, chopindika ngati mbedza. Sitoma ndi pakamwa. Kotsalako, iyasisi, ndi mchira chabe umene madokotala amalumikizira akafuna kunena kuti matenda. Dzina lonse loopsalo linkangonena kuti matenda a kanjoka ka pakamwa pokhota. Mtsikanayo anaseka yekha pampando. Anazindikira kuti kuseri kwa mawu akuluakulu a m'chipatala kunali munthu wina amene anayang'anitsitsa chinthu n'kunena chimene anaona, ndipo anati mumtima mwake ntchito imeneyo angaithe.

Anaithadi. Labotale yake inali kachipinda kumapeto kwa khonde lalitali, kumene fungo lake silikanavutitsa akuluakulu. Munali sinki yodontha, mabenchi awiri, zenera laling'ono lolandirirapo tibotolo, ndi shelefu imene pamwamba pake panali kabotolo kagalasi kosungiramo tinjoka tingapo m'mankhwala, toonetsa ophunzira. Ankagwira ndi bambo wina wofatsa amene aliyense ankamutchula kuti Wamtali, chifukwa polowa pakhomo ankachita kuwerama.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kamakani. Asanakhudze makina, ankatsegula kabotolo n'kuyang'ana kaye ndi maso ake: mtundu wake, kulimba kwake, zimene munthuyo anadya. Kenako ankatapa pang'ono ndi kamtengo, n'kusungunula pa kagalasi ndi dontho la madzi amchere, mopyapyala mpaka zilembo za nyuzipepala zizioneka kunsi kwake. Akatero ankayendetsa kagalasiko pansi pa makina mzere ndi mzere, kuchokera pakona mpaka pakona, osalumpha. Panja mzere wa anthu utalike bwanji, anamwino agogode bwanji, mawu oti "mulibe kanthu" sankawalemba asanafike pakona yomaliza. Ankati kulemba kuti muli kanthu n'kosavuta, koma kulemba kuti mulibe ndi kulumbira. Ana angati amene anabwera ali mbuu, akudya dothi, n'kubwerera kusukulu akuthamanga chifukwa cha makani amenewa, palibe amene anawawerenga.

Mwamuna wake anali makaniko, munthu wa nthabwala amene ankamutchula mkazi wake kuti adokotala a zonunkha, koma akamva wina akumunyoza ankavula malaya. Bambo ake a makanikoyo, apongozi a Diso Limodzi, anali alimi a masamba kuseri kwa tauni, m'mphepete mwa kamtsinje kodutsa m'munsi mwa nyumba zothithikana, zambiri zopanda zimbudzi. Akazi awo anali atamwalira. Nsapato anali nazo, koma zinali za kutchalitchi ndi kumaliro. M'dimba ankalowa opanda kanthu kuphazi, ati phazi ndi limene limadziwa ngati nthaka yakhuta madzi. Iwo ndi mpongozi wawo sanayambanepo, komanso kunena zoona sanachezepo. Zaka zonsezo zinali moni, zikomo, mwadzuka bwanji, aliyense maso ali pansi, ndipo onse awiri ankati umenewo ndiwo ulemu.

Chaka china mkuluyo anayamba kutopa. Ndowa imene ankainyamula akuimba inayamba kuwakhalitsa pansi pakati pa njira. Makaniko atapita kukawaona anawapeza atatsamira mtengo, ali wefuwefu, ndipo anawatengera kunyumba kwake n'kuwagoneka m'chipinda cha ana. Diso Limodzi powapatsa madzi anaona zikhatho zawo zili mbuu, milomo yoyera, mapazi otupa. Dokotala anayezetsa magazi n'kupeza kuti atsala ochepa kwambiri. Malungo munalibe. Anawalembera mapiritsi owonjezera magazi, n'kunena kuti chimbudzi nachonso chiyezedwe, pakuti munthu wogwira ntchito m'matope opanda nsapato, choyamba kuchiganizira ndi njoka zam'mimba.

Apa tisamukometse mayi wathuyu. Iye amene ankatchula ntchito yake mosaphethira pamaso pa aliyense, pamaso pa apongozi ake lilime linauma. Kabotolo anakapereka kwa mwamuna wake kuti akapereke ndi iye. Mmawa katabwera, atakakulunga m'nyuzipepala, anakanyamula mpaka kuntchito n'kukaika pabenchi ya Wamtali. "Achimwene, ichi mundiyezere ndinu," anatero, iye n'kutembenukira kwina. Wamtali anagwira ntchito yake bwinobwino, mzere ndi mzere, ndipo sanapeze dzira ngakhale limodzi.

Mkuluyo ankamwa mapiritsi mmawa uliwonse, koma magazi sankakwera. Dokotala anati ayezenso, ndipo zinayenda momwemo: kabotolo kwa makaniko, kuchoka kwa makaniko kwa Wamtali, mulibe kanthu. Apa nkhope ya dokotala inasintha. Anati ngati si njoka, ndiye kuti pali pena pamene magazi akuthawira, mwina chotupa m'matumbo, ndipo mkuluyo ayenera kupita kuchipatala chachikulu kuti akamuunike m'kati. Apongozi atamva mawu oti chotupa anangoti, "Basi, ndamva." Anakana zopita kuchipatala chachikulu. Chakudya anasiya, kupatula phala lamadzimadzi. Anauza mwana wawo kuti awabwezere kwawo akafere pabedi lawo. M'nyumbamo nthabwala zinatha, ana ankayenda monyang'ama, ndipo Diso Limodzi ankaona munthu akuzima pamaso pake tsiku ndi tsiku, iye wopanda chochita.

Dokotala anapempha kuti ayeze komaliza asanalembe zotumiza wodwalayo. Tsiku limenelo Wamtali anali kumaliro a mlamu wake, choncho panalibe womupatsira. Diso Limodzi anakhala kanthawi akuyang'ana kabotolo kali pabenchi. Kenako anavala magolovesi, napepesa mumtima, n'kutsegula.

Sanafike n'komwe pa makina. Munthu amene akumwa mapiritsi owonjezera magazi, chimbudzi chake chimada bii, ndipo mapiritsiwo ankawapereka ndi iye mwini mmawa uliwonse, n'kuima pakhomo mpaka amezedwe. Wamtali sakanadziwa zimenezo. Koma zimene zinali m'kabotolomo zinali za munthu wabwinobwino, wodya mokhuta, ndipo munali makoko a nyemba. Apongozi nyemba sanazilawe. Amene anadya nyemba dzulo lake, mbale ziwiri, n'kunyambita supuni, ankamudziwa bwino.

Dzuwa lili paliwombo anatulukira ku galaja. Mwamuna wake anali chagada kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Bambo a ana, tatulukani kunsiko."

Makaniko anatuluka akuseka, sipanala ili m'manja. "Lero kugwa chiyani, adokotala a zonunkha kutiyendera kuno?"

"M'kabotolo kaja munali za ndani?"

Kuseka kunazima. "Za bambo. Nanga zingakhale za ndani?"

"Bambo anadya nyemba dzulo?"

Makaniko anayang'ana sipanala yake ngati akuiona koyamba. Anapukuta manja pa ovolosi, napukutanso. "Tamverani, mayi a ana, musayambe kukalipa. Mdala uja anakana. Anati bola kufa kusiyana n'kuti zimenezo zifike m'manja mwa mpongozi wake. Kabotoloko anachita kundigenda nako. Ndiye ine ndikanatani? Inu uku mukudikira, dokotala uko akudikira. Ndinangoti, ine ndi bambo ndife injini imodzi, magazi amodzi, tikugona m'nyumba imodzi. Chimene chili mwa iwo sichingalephere kuonekako mwa ine."

"Maulendo onse aja?"

"Onse."

"Munthu akabwera ndi galimoto yotha oyilo, inu mumatsegula ya mwana wake n'kumayang'anamo?"

Makaniko anaika sipanala pansi. Anakhala pa tayala. Sanachite za tibotolozo chifukwa cha ulesi kapena nkhanza. Ankawakonda bambo ake, ankawaopanso, ndipo nzeru zake zinathera pamenepo. Mkwiyo umene Diso Limodzi anabwera nawo unatembenukira kwa iye mwini. Kabotolo kachiwiri kaja akanakatsegula yekha, bodzali likanatha pomwepo. M'nyumba imodzi munali anthu atatu akuluakulu ochitirana manyazi, ndipo manyaziwo ankamupha mmodzi.

Sanabwerere kunyumba chimanjamanja. Anadzera kuntchito, napempha chilolezo, natsitsa kabotolo kagalasi kaja pashelefu, natenganso kabotolo kena kopanda kanthu, n'kulunjika kunyumba. Pakhomo la chipinda cha ana anaima pang'ono, pakuti chikwatiwire anali asanakhalepo awiriwiri ndi apongozi ake m'chipinda.

"Odi, bambo."

"Lowani, amayi."

Anakhala pansi pafupi ndi bedi. Mkuluyo anali atagona chammbali, akupuma mofulumira ngati wakwera phiri.

"Bambo, ndadziwa za tibotolo tija."

Apongozi anatembenukira kukhoma. "Mwana uja alibe chifuwa."

"Sananene ndi iwo. Zanena ndi nyemba."

Kenako mkuluyo analankhula, nkhope ikadali kukhoma. "Amayi, ine ndakalamba ndi ulemu wanga. Inu munabwera pakhomo pathu ndi ulemu, mwatiberekera zidzukulu, simunandiyankhepo mwano. Ndiye lero ndikupatseni zakuchimbudzi m'manja? Komanso njoka zam'mimba ndi matenda a ana osasamba m'manja. Ine ngati ndi imfa, indipeze ndili chivalire."

Diso Limodzi anatulutsa kabotolo kagalasi kaja. "Ndakumverani, bambo. Tangoonani ichi chokha, kenako ndituluka."

Mkuluyo anatembenuka monyinyirika. M'madzi oyera munali tinthu totuwa, tatifupi kuposa chikhadabo. "Tiulusi timeneti?"

"Timeneti. Si za ana okha ayi, ndipo sitidikira kuti munthu adye osasamba m'manja. Ana a tinjokati amakhala m'nthaka yonyowa imene mvula yakokololeramo zonyansa za anthu. Amaboola khungu la phazi, munthu amangomva kuyabwa, n'kuiwala. Akayenda m'thupi amakathera m'matumbo, kumene amaluma n'kukakamira, n'kumayamwa magazi. Kamodzi kamamwa pang'ono. Koma tikachuluka, usana ndi usiku, zaka ndi zaka, munthu amauma. Ngati ndi timeneti, mapiritsi amene ndikukupatsani aja tikuthirira ndi ndowa yobooka."

Za ndowa yobooka mkuluyo anazimva. Anatambasula dzanja, nalandira kabotoloko. "Tili ndi dzina?"

"Matenda ake amati ankilositomiyasisi."

"Aa! Dzina lonselo, kachinthu kameneka?"

"Ndi Chigiriki, bambo, koma mawu ake ndi a tsiku ndi tsiku. Ankilosi ndi chokhota. Sitoma ndi pakamwa. Kwinako n'kungonena kuti matenda. Tayang'anani kumutu kwake."

Mkuluyo anakweza kabotolo kuzenera, nayang'anitsitsa nthawi yaitali ndi maso a munthu amene moyo wake wonse wakhala akusaka mbozi pansi pa masamba. "Zoona. Kapindika ngati mbedza. Amene anatcha dzinali anayang'ana bwino. Anakaonera kuti?"

"M'matumbo a mayi wina, mlimi ngati inu nomwe, kudziko lakutali, zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo. Mayiyo anali atamwalira kale. Dokotala anachita kutsegula mtembo, n'kupeza tinjokati titakakamira, ndipo atationera pa galasi anatipatsa dzina la pakamwa pake. Dzinali linabadwira pa mtembo, bambo. Pambuyo pake m'pamene anthu anaphunzira kusaka mazira ake munthu akadali moyo, kuti pasamafunikenso kudikira maliro. Ntchito yanga ndi imeneyo, ilibe china."

Diso Limodzi anapitiriza.

"Mwina si timeneti. Sindikulonjezani. Ndikapanda kupeza kanthu ndidzakuuzani zoona. Koma inu mukapita ine ndisanaone, ndidzakhala nazo mpaka kufa. Ndayeza anthu a m'tauni yonseyi, akuba ndi abusa omwe, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene ndikakumana naye panjira ndimakumbuka za m'kabotolo kake. Ndiye ndidzalephere agogo a ana anga? Manyazi anu ndi a mmawa umodzi, bambo. Anga adzakhala a moyo wonse."

Anatulutsa kabotolo kopanda kanthu kaja, nakaika pampando pafupi ndi bedi ndi dzanja lake lomwe, n'kutuluka.

Kutacha apongozi sanatuluke m'chipinda, ndipo pakhomo lawo panalibe kanthu. Diso Limodzi anapita kuntchito mtima uli pansi. Anayeza magazi a amayi oyembekezera, anayeza makhololo, anakalipira sinki yodontha ija ngati yayamba lero. Dzuwa litakwera, pazenera lolandirira tibotolo panafika dzanja lotuwa, lokhala ndi zikanga za khasu, litagwira kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Wamtali, amene anali atabwerako kumaliro, anadzuka kuti alandire.

"Ayi, achimwene," anatero mawu a panja. "Ndikufuna amayi aja."

Anali apongozi. Anali atavala jekete, ndipo kumbuyo kwawo kunali makaniko, atawagwira m'khwapa kuti asagwe. Khonde lalitali lija analiyenda ndi miyendo yawo, kupumira pa benchi iliyonse. Diso Limodzi analandira ndi manja awiri. Mkuluyo sanamuyang'ane kumaso, anangotembenuka n'kukakhala pabenchi pakati pa odwala ena, mutu uli zyoli.

Diso Limodzi anatsegula. Zakuda bii. Anatapa ndi kamtengo, nasungunula pa kagalasi, naika pansi pa makina. Zaka zonse za ntchito yake, nthawi iliyonse akamawerama pa makinawo ankafunira wodwala kuti musapezeke kanthu. Tsiku limeneli anapemphera kuti mupezeke. Anazungulitsa kachitsulo kowongolera, chifunga chinayera, ndipo sanafunikire kusaka. Pakona yoyamba pomwe panali dzira, lozungulira motalikirako, la chikamba chopyapyala choonekera m'kati, timibulu tingapo titaunjikana pakati. Pambali pake panali lina, ndi lina, ndi ena. Anasuntha kagalasi, anali ponseponse. Matenda a kanjoka ka pakamwa pokhota, amene mankhwala ake anali m'chipinda chachitatu kuchokera pamenepo, mapiritsi omwe aja amene amagawira ana kusukulu. Ngakhale misozi inkamutchinga, anayendetsabe kagalasiko mpaka pakona yomaliza, pakuti sankadziwa kagwiridwe kena. Kenako anaitana Wamtali kuti aonenso. Wamtali anasuzumira, naimba mluzu.

Diso Limodzi anavula magolovesi n'kutuluka chothamanga, chovala choyera chikuuluka, anthu a pabenchi n'kumamuyang'ana. Atafika pamene panali apongozi ake anagwada pasimenti pomwepo.

"Bambo, alimo. Mazira ambirimbiri."

Mkuluyo anadzutsa mutu pang'onopang'ono, namuyang'ana mpongozi wake m'maso. "Ndiye kuti chotupa chija?"

"Dokotala aonanso, koma chimene chikukumwani magazi tachipeza, ndipo chili ndi mankhwala. Mumwa lero lomwe. Mphamvu zidzabwerera pang'onopang'ono."

"Sindifa?"

"Ndi izi ayi, bambo."

Makaniko anaphimba nkhope ndi chipewa chake chamafuta, mapewa akugwedezeka. Kenako apongozi anakweza dzanja lawo lamanja n'kulitambasulira kwa mpongozi wawo kuti agwirane chanza. Diso Limodzi anayang'ana manja ake, ndipo m'pamene anakumbukira kuti watuluka mu labotale osasamba, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire ntchito.

"Pepani, bambo, manjawa achokera kuntchito. Ndikasambe kaye."

"Ndikudziwa kumene achokera," anatero mkuluyo. "Kasambeni, amayi, ndikudikira."

Anathamangira pa sinki, nasamba ndi sopo mpaka m'zigongono, monga mwa lamulo, osadumpha chala ngakhale chimodzi. Potuluka anapeza apongozi ake asanatsitse dzanja. Linali lidakali m'mwamba pakati pa khonde, likunjenjemera ndi kutopa, ndipo mwana wawo atafuna kulichirikiza anamukankha ndi chigongono.